Kodi ndipirire ngati John Harrison? Yankho kwa achimwene owotcherera zitsulo

Imelo iyi yakhalitsa mu foni mwanga osayankhidwa, ndipo si ulesi ayi. Alemba ndi achimwene ena owotcherera zitsulo, amene anapanga makina otonola chimanga ochita kupalasa ngati njinga. Bungwe lina lawasirira makinawo, koma likuti awabweretse, awamasule pamaso pa mainjiniya awo, apereke ndi zojambula zomwe, za ndalama adzakambirana zimenezi zikatha. Mapepala a ku koleji alibe. Ndiye akufunsa kuti: "Munatchulapo za mzungu wa mawotchi a panyanja uja, John Harrison, amene anadikira mpaka ukalamba koma pomaliza analipidwa. Kodi nanenso ndingopirira? Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

Achimwene, mwambi mwaikapowo ndi umene wandichedwetsa, chifukwa ndikati ndiyambe kulemba mtima umandipsa. Sindikupsera inu. Ndikupsera onse amene anandiuzapo mawu omwewo atakhala pampando wofewa, malipiro awo akulowa mwezi ndi mwezi, ine ndikupapasa m'thumba kuona ngati ya minibasi yobwerera ikwana. Ndipo ngati pali munthu amene sayenera kutengedwa ngati chitsanzo chophunzitsira amisiri kudekha, ndi Harrison yemweyo. Ulendo uja ndinangomutchula modutsa, lero lekani ndimuyale bwinobwino.

Vuto limene anathera nalo moyo wake linali ili. Sitima ikakhala pakati pa nyanja yamchere, mtunda osaoneka paliponse, amalinyero ankatha kudziwa kuti ali kumpoto kapena kummwera motalika bwanji poyeza pamene dzuwa lafika masana, kapena nyenyezi usiku. Koma za kummawa ndi kumadzulo, zimene amati longitude, ankangoganizira: liwiro lathu ili, tayenda maola awa, kampasi ikuloza uku, ndiye mwina tili apa. Mu Okutobala 1707 sitima zinayi zankhondo za ku Britain, pansi pa Sir Cloudesley Shovell, zinawomba miyala pafupi ndi zilumba za Scilly zikubwerera kwawo, anthu oposa 1,400 n'kumira usiku umodzi. Si longitude yokha inawapha, mapu ndi makampasi awo analinso okayikitsa, koma mantha amene anatsatira, pamodzi ndi madandaulo a eni sitima zamalonda, anakankha Nyumba ya Malamulo. Mu 1714 panabwera lamulo: £20,000 kwa aliyense amene njira yake ingapeze longitude osaphonya kupitirira theka la digiri paulendo wopita ku West Indies, zilumba za ku America monga Jamaica ndi Barbados, £10,000 ngati waphonya ndi digiri imodzi. Anakhazikitsanso komiti yoweruza, Board of Longitude.

Samu yake ndi yosavuta. Dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, kutanthauza madigiri 15 pa ola, digiri imodzi pa mphindi 4. Blantyre ili madigiri pafupifupi 35 kummawa kwa Greenwich, malo a ku London amene longitude imayambira kuwerengedwa, choncho dzuwa likafika paliwombo ku Blantyre, ku Greenwich imakhala ili cha m'ma 9:40 m'mawa. Wamalinyero amangoitembenuza samu yomweyi: ayeze dzuwa kuti adziwe 12 koloko ya pamene ali, ayang'ane wotchi imene yasunga nthawi ya kumene anachokera, kusiyana kwake kumuuza pamene ali. Chovuta chinali wotchiyo. Theka la digiri ndi mphindi 2 zokha, ndipo ulendo unkatenga milungu ngati 6, ndiye wotchi inayenera kusachedwa kapena kuthamanga ndi masekondi okwana 3 pa tsiku. Mawotchi odalirika a nthawiyo anali a pendulum, kachitsulo kolendewera kaja, ndipo pendulum m'sitima yoyendayenda ndi mafunde imasokonezeka nthawi yomweyo. Kukatentha chitsulo chimatalika, kukazizira oilo amalimba, chinyontho cha mchere chimabweretsa dzimbiri. Isaac Newton mwiniwake anauza aphungu kuti wotchi yotha kupirira zonsezi inali isanapangidwe, ndipo ophunzira ambiri ankakhulupirira kuti yankho lidzachokera ku mwezi ndi nyenyezi, osati kwa mmisiri.

Harrison anabadwa mu 1693 ku Foulby m'chigawo cha Yorkshire, n'kukulira ku Barrow upon Humber, mwana wa kalipentala, iyenso kalipentala. Mapepala analibe ngati inu. Sanakhalepo pansi pa mmisiri wa mawotchi aliyense. M'busa wina anamubwereka zolemba za maphunziro a Nicholas Saunderson, mphunzitsi wa masamu wa ku Cambridge, iye n'kuzikopera zonse pamanja. Mu 1713, ali ndi zaka 20, anamaliza wotchi yake yoyamba, magiya ake amatabwa, poti ndi zimene manja ake ankadziwa. Cha m'ma 1722 anapanga wotchi ya pansanja ku Brocklesby Park, ndipo m'malo amene zitsulo zikanakhulana anaikamo mtengo wa lignum vitae umene umatulutsa wokha mafuta. Yosafuna oilo, ndipo ikuyendabe mpaka lero. Pamodzi ndi mng'ono wake James anapeza njira yogonjetsera kutentha: pendulum ya timitengo tachitsulo ndi tamkuwa tolumikizidwa mosinthana, kuti kutalika kwa tina kufafanize kutalika kwa tinzake. Analinso wotsogolera kwaya kutchalitchi cha kwawo, zimene sizindidabwitsa, khutu la woyimba ndi khutu la wokonza mawotchi ndi limodzi.

Ndikunena izi chifukwa ndinakulira pafupi ndi khutu lotero. Amalume anga ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ku Limbe, ndi kabokosi kagalasi, kampando, ndi kagalasi koika padiso kamene kankawasiyira mzere pakhungu tsiku lonse. Munthu akabweretsa Seiko 5 yake, iwo sankayamba ndi kutsegula. Ankaiika pakhutu, n'kutsinzina, kenako n'kunena kuti "iyi yagwapo" kapena "iyi inalowa madzi", mwini wake n'kungoti kukamwa yasa. Ine patchuthi ndinkapukuta magalasi ndi kusintha malamba. Koma ikafika nthawi yogwira kasipuling'i kowonda ngati tsitsi kaja, kamene kamalamulira mayendedwe onse a wotchi, amalume ankatembenuka n'kundipatsa msana. Ine, mwana wa mlongo wawo. "Mphwanga, ukadziwa ichi mawa udzatsegula bokosi lako patsidya la msewu." Kenako kunabwera mawotchi a batire otchipa, ma Casio ndi anzake, pambuyo pake mafoni, ntchito n'kutsala yosintha mabatire basi. Anamwalira ndi zonse zimene ankadziwa, ndipo palibe mmodzi mwa ife amene angathe kuwongola kasipuling'i kaja. Sungani nkhani iyi, chifukwa msana umenewu Harrison anali nawonso.

Cha m'ma 1730 anapita ku London ndi zojambula zake, n'kukaonana ndi Edmond Halley, katswiri wa zakuthambo wa mfumu. Halley anamutumiza kwa George Graham, mmisiri wamkulu wa mawotchi m'dzikolo. Harrison ankaopa kuberedwa nzeru, koma anacheza tsiku lonse, ndipo Graham anamubwereka ndalama popanda chiwongoladzanja. Patatha zaka zisanu, mu 1735, panatuluka makina amene lero amatchedwa H1, olemera makilogalamu pafupifupi 34, opanda pendulum, okhala ndi timikono tiwiri tolumikizana tomwe timayenda motsutsana, kuti sitima ikapendama, chimene kamodzi kataya kanzake kabweze. Mu 1736 anakwera nawo sitima ya Centurion kupita ku Lisbon, n'kubwerera pa Orford. Akuyandikira kwawo, oyendetsa sitima anaona mtunda n'kunena kuti ndi Start Point, nsonga ina ya gombe la England. Harrison anayang'ana wotchi yake n'kunena kuti ayi, ndi Lizard, mamailosi pafupifupi 60 kumadzulo. Anali wolondola.

Tamvani tsono zimene anachita. Mu 1737 komiti ija inakhala pansi koyamba chiikhazikitsire, chifukwa cha iye. Akanatha kupempha kuti makinawo akayesedwe paulendo wa ku West Indies. Sanatero. Anayamba yekha kutchula zofooka za makina ake, n'kupempha ndalama zoti akapange abwino kuposa amenewo. Anamulonjeza £500. Anapanga H2, yolemera kuposa yoyamba, ndipo sinakwerepo sitima, chifukwa kunali nkhondo ndi Spain komanso iye mwini anapezamo vuto: sitima ikamakhota, timikono tija tinkasokonezeka. Ndiye anayamba H3. Zaka 19, achimwene. Zidutswa zoposa 700, kumasula, kumanga, kumasulanso, akukhalira tindalama ta komiti. Mu 1749 Royal Society, bungwe la asayansi la ku London, inamupatsa mendulo ya Copley, ulemu waukulu zedi, koma makinawo sanafike pamene iye ankafuna mpaka anawasiya.

Zoona, m'zaka zimenezo munatuluka zinthu ziwiri zimene inu ndi ine timagwira tsiku ndi tsiku. China ndi beyaring'i ya timagudumu totsekeredwa m'khola, kholo la mabeyaring'i amene mwaika pa shafiti ya makina anuwo. China ndi kachitsulo kopyapyala ka mitundu iwiri yomatidwa pamodzi, mkuwa mbali ino, chitsulo mbali inayo, komwe kamapindika kukatentha chifukwa mkuwa umatalika msanga. Kachitsulo kameneka ndi kamene kamathimitsa ayironi ikatentha kwambiri, ndi kamene kamati "tha" mu ketulo madzi akawira. Ndipo ndi kamene kanandilowetsa ine m'mavuto.

Ntchito yanga ndi ya mafiriji ndi zamagetsi za m'nyumba. Zaka zapitazo ndinatenga firiji yakufa, n'kuisandutsa makina oswetsa mazira. Mazira a nkhuku amafuna masiku 21 pa kutentha kwa pakati pa madigiri 37 ndi 38, ndipo kukakwera pang'ono chabe kwa maola angapo mwaphika anapiye. Ndinagwiritsa ntchito mababu, fani ya kompyuta, ndi thermostat, kachipangizo koyatsa ndi kuthimitsa magetsi motsatira kutentha, imene ndinaisula ndekha kuchokera ku za ma ayironi akutha, kuiwongola mpaka inayamba kumva kusintha kochepa. Magetsi akathima inkasamukira yokha ku batire ya galimoto. Ndinkadzuka pakati pa usiku kukaona thermometer, mayi a kunyumba mpaka anafunsa ngati ndakwatira firiji. Bungwe lina, limene sinditchula, linalengeza mpikisano wa amisiri, ndipo anatiuza pakamwa kuti amene makina ake aswe mazira ochuluka mwakuti adzapatsidwa oda yopangira magulu a alimi. Anga anaswa kuposa pamenepo. Ndinaitanidwa, ndinajambulidwa, anandipatsa botolo la madzi ndi satifiketi. Nditafunsa za oda, anati dikirani kaye, mwina zinangochitika mwamwayi, tiyesenso. Tinayesanso, anaswanso. Ndiye kunabwera zatsopano: pakufunika injiniya wa mapepala asayinire, pakufunika zojambula, pakufunika muwonetse akatswiri athu mmene thermostat mwaipangira. Pambuyo pake ndinamva kuti mmodzi mwa oweruzawo anali ndi m'bale wake woitanitsa makina otere kuchokera kunja. Ulendo uliwonse ndikapita, mlembi wa pakhomo ankandiuza mokoma mtima kuti, bambo, dekhani, zinthu zabwino sizifuna phuma. Oda sinabwere. Firiji ija ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikiramo mazira zokha.

Ndiye mukandifunsa za Harrison, mukundikhudza pachilonda, chifukwa zimene zinamuchitikira pambuyo pake ndimazidziwa m'mafupa.

Mu 1753 mmisiri wina, John Jefferys, anamupangira wotchi yam'thumba motsatira malangizo ake, ndipo inayenda bwino modabwitsa. Harrison, ali ndi zaka 60, anazindikira kuti yankho silinali m'makina akuluakulu aja. Kagudumu kakang'ono kothamanga mwamphamvu sikamva kugwedezeka kwa sitima. Mu 1759 anamaliza H4, yooneka ngati wotchi yam'thumba yonenepa, masentimita 13 m'mimba mwake, kulemera kilogalamu imodzi ndi theka, yogunda kasanu pa sekondi, yokhala ndi timano ta dayamondi. Mu Novembala 1761 mwana wake William anakwera nayo sitima ya Deptford kupita ku Jamaica, poti bambo anali atakalamba. Atafika mu Januwale 1762 n'kuchotsera kachedwedwe kake ka tsiku ndi tsiku kamene iwo ankakadziwa, wotchi inapezeka kuti yaphonya ndi masekondi 5 okha. Komiti inati mwina ndi mwayi, komanso kachedwedweko simunakalembetse musananyamuke. Mu 1764 anayesanso, ulendo wa ku Barbados pa sitima ya Tartar. Inaphonya ndi masekondi 39, mamailosi ngati 10, kuchepera katatu pa zimene lamulo linkalola.

Amene anatumizidwa ku Barbados kukayeza nyenyezi kuti aweruze anali Nevil Maskelyne, munthu amene ankalimbikitsa njira yopikisana nayo, yoyeza mtunda wa pakati pa mwezi ndi nyenyezi. Mu 1765 Maskelyne yemweyo anakhala katswiri wa zakuthambo wa mfumu, zimene zinamupatsa mpando mu komiti. Chaka chomwecho panabwera lamulo latsopano: theka la mphoto pokhapokha Harrison atamasula wotchi n'kufotokoza zonse atalumbira, n'kupereka makina ake onse, theka linalo pokhapokha zitaoneka kuti ena angapangidwe ofanana nayo. Mu Ogasiti 1765 anaimasula pamaso pa akatswiri asanu ndi mmodzi kwa masiku angapo. Mu 1766 Maskelyne anabwera kunyumba kwake ku Red Lion Square kudzatenga H1, H2 ndi H3, n'kuzikweza pangolo yopanda masipuling'i kupita ku Greenwich. H4 anaiyesa yekha miyezi khumi, n'kulemba lipoti lakuti si yodalirika mokwanira. Woweruza ndi wopikisana naye, munthu mmodzi. Ndikawerenga pamenepa ndimaona nkhope ya woweruza uja amene anali ndi m'bale woitanitsa makina.

Harrison, maso akufooka, anapanga H5 ali ndi zaka za m'ma 70. Komiti itapitiriza kuzengereza, William analembera Mfumu George III, ndipo mfumu inaiyesa wotchiyo pamalo ake oonera nyenyezi milungu 10 mu 1772. Inkaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi pa tsiku. Mu 1773 Nyumba ya Malamulo inamupatsa £8,750. Osati ngati mphoto ija ayi, imeneyo komiti sinaipereke kwa munthu aliyense. Anali ndi zaka 80. Anamwalira pa 24 Malichi 1776. Kuphatikiza zonse zimene analandira pa moyo wake zinapitirira £23,000, sanafe wosauka, koma taonani chimene chinatsegula chitseko. Si kudekha. Ndi kulumpha komiti n'kukagogoda kwa mfumu. Inu muli nayo mfumu yoti ikuyesereni makina otonola chimanga milungu 10?

Apa tsono ndinena zimene anzanga amisiri sakonda kumva, ndipo ndikamakula ndikuumirira kwambiri pa mfundo imeneyi. Komiti ija inali ndi mbali yake yoona. Boma silinkafuna wotchi imodzi yokongola, linkafuna kuti sitima mazanamazana zisamawombe miyala. Wotchi imodzi, yomwe munthu mmodzi yekha padziko lonse amadziwa zam'kati mwake, munthuyo ali ndi zaka 70, si yankho. Mmisiri wina wa mawotchi, Larcum Kendall, atapatsidwa ntchito yokopera H4, zinamutengera zaka zoposa ziwiri, ndipo mtengo unali £450. Kopeyo, K1, inayenda ndi James Cook, kapitawo wa sitima wotchuka, paulendo wake wachiwiri kuyambira 1772 mpaka 1775, ndipo Cook anaitamanda kwambiri, koma Kendall yemweyo anauza komiti kuti pamtengo wotere sizingafalikire. Pamene Maskelyne, amene timakonda kumuda, anayamba kusindikiza buku la matebulo a mwezi la chaka ndi chaka kuyambira 1767, n'kuchepetsa samu ya maola anayi kufika pa theka la ola, pamtengo woti kapitawo aliyense wa sitima angakwanitse. Ndipo Harrison kufotokoza sankatha, mwinanso sankafuna. Zolemba zake ziganizo zake zimayenda osapuma mpaka wowerenga kusochera. Zaka 19 za H3 palibe komiti inamukakamiza. Anthu amati kumeneko ndi kupirira. Ine ndimati ndi matenda athu amisiri: kukonda chinthu chako mpaka kuopa kuchitulutsa, n'kumapatsa aliyense msana ngati amalume.

Ndikudziwa wina alemba m'munsimu kuti koma pomaliza anaoneka wolondola. Inde. Mu 1775 analemba kuti angathe kupanga wotchi ya pendulum yosaphonya ndi sekondi imodzi pa masiku 100, anthu n'kumuseka kuti nkhalamba yasokonezeka. Mu 2015 wotchi imene Martin Burgess anapanga motsatira mfundo zake inayesedwa ku Greenwich masiku 100, n'kuphonya ndi zosakwana sekondi imodzi. Mwini nzeru anali atagona m'manda ku Hampstead zaka 239. Makina ake enieni anakhala akuchita dzimbiri m'chipinda chachinyontho mpaka Rupert Gould, msilikali wa panyanja wopuma ntchito, anayamba kuwakonza mu 1920, zaka zoposa khumi osalandira malipiro. Lero H1 mpaka H4 zili ku Greenwich, anthu amalipira kuti akazione. Zonsezi n'zokoma kuwerenga, koma sizigula ufa.

Amene anadzazadi sitima ndi mawotchi

Chronometer, wotchi yolondola ya m'sitima, imene inafalikira panyanja si ya Harrison kwenikweni. Iye anatsimikizira dziko kuti n'zotheka, ndipo ulemu umenewo palibe angamulande. Koma kapangidwe kamene kanakhazikika kanachokera ku nzeru za Pierre Le Roy wa ku France, kenako John Arnold ndi Thomas Earnshaw ku London, amene anachotsa zidutswa zonse zosafunika. Earnshaw, wobadwa mu 1749, anali wamkamwa moyabwa, wokangana ndi aliyense, ndipo iye ndi Arnold analimbana kwambiri za amene anayamba kupeza kachitsulo kotulutsa giya dzino limodzi limodzi, kamene amati spring detent. Koma onse awiri anachita chimene Harrison sanachite: anapanga zambiri, anagawa ntchito kwa amisiri ena, mtengo n'kutsika kufika pansi pa £100. Pofika 1831 sitima ya Beagle, imene inanyamula Charles Darwin, inali ndi ma chronometer 22. Kapangidwe ka Earnshaw kanakhalabe m'sitima mpaka zaka za m'ma 1900, pamene wailesi, mawotchi a quartz, kenako GPS zinalowa m'malo.

Mwa njira imeneyi zinafika mpaka kwathu kuno. David Livingstone, amene anafika kunyanja yathu mu 1859, ankayenda ndi ma chronometer ndi sextant, chida choyezera pamene dzuwa kapena nyenyezi zafika, ndipo zimene wayeza ankazitumiza kwa Thomas Maclear, katswiri wa zakuthambo ku Cape Town, kuti aziwerengetse bwino. Dzina la Cape Maclear ku Mangochi linachokera kwa bambo ameneyu. Paulendo wake womaliza ma chronometer ake anagwa n'kusokonezeka, ndipo mapu ake a dera la nyanja ya Bangweulu ku Zambia analakwika, zimene zinamusocheretsa m'madambo a kumeneko. Wotchi yotere siifuna kugwetsedwa, amalume akanaiika pakhutu n'kudziwa nthawi yomweyo.

Mwaona ndapita kutali, ndibwerere kwa inu achimwene.

Musamasule kanthu popanda pepala losayinidwa ndi mbali zonse ziwiri, lonena kuti kuyesa kudzakhala kotani, matumba angati pa ola, woweruza ndani, ndipo mukapambana mulandira zingati, tsiku liti. Funsani ngati mwa oweruzawo muli wogulitsa kapena wopanga makina ofanana ndi anu. Ngati mukuona kuti muli nzeru yatsopanodi m'makinawo, pitani kaye ku ofesi ya boma yolembetsa ma patent, mapepala oteteza nzeru ya munthu kuti ena asaikopere, mukafunse, poti chinthu chikaonetsedwa poyera chisanalembetsedwe chimavuta kuteteza. Dziko lathu lilinso membala wa ARIPO, ofesi ya ma patent ya mayiko angapo a mu Africa ya ku Harare, imene imalembetsanso zopangapanga zing'onozing'ono pansi pa zimene amati utility model. Pepala likasayinidwa, awonetseni zonse, osabisa, ndipo tengani mnyamata mmodzi mumuphunzitse. Koma bungwelo lisakuimitseni manja. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sabata ino yambani makina achiwiri, mulembe mtengo wa chitsulo chilichonse, tcheni, mabeyaring'i, ma rod owotcherera ndi maola anu, muone chimene mungachotse osawononga ntchito yake, kenako mupite nawo pamsika nyengo yokolola mukatonolere anthu pamtengo wa thumba.